Mayina a Mavalavu ndi Mapayipi: Liwu Limodzi, Ntchito Zambiri

Chiyambi

Zolembedwa za m'Chichewa zonena za madzi ndi mafuta zikunka zichuluka. Makomiti a mijigo amaphunzitsidwa m'Chichewa, eni zigayo amalangizana m'Chichewa, nawonso atolankhani amalemba za kusowa kwa mafuta m'Chichewa. Komabe m'zolembedwa zambiri liwu limodzi lakuti valavu, kapena lakuti chotsekera, limaimira zipangizo zingapo zimene ntchito zake n'zosiyana kwambiri. Chimodzimodzinso liwu lakuti mafuta limaimira zinthu zimene zina n'zokazingira ndiwo pamene zina n'zotentha nyumba. Mmisiri amene wagwira chipangizo m'manja sasokonezeka, koma wowerenga amene ali ndi pepala lokha amasokonezeka, ndipo akalakwitsa pamaonongeka ndalama, nthawi zina ngakhale moyo.

Nkhani ino ikufotokoza mmene zipangizo zimenezi zimagwirira ntchito ndi mawu amene angazitchule bwino. Mfundo yake ndi imodzi: chipangizo chitchulidwe potsata ntchito yake, pakuti dzina lonena ntchito limaphunzitsanso wowerenga kasamalidwe kake. Zitsanzo zayambira pamjigo ndi pachigayo za kumadzulo kwa boma la Lilongwe, kenaka zafika pa mapayipi aatali onyamula mafuta m'maiko oyandikana ndi Malawi, popeza nzeru yake ndi imodzimodzi.

Mjigo ndi valavu yosabweza

M'midzi ya kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma ndi ku Namitete anthu ambiri amamwa madzi a pamjigo. Dera limeneli ndi lathyathyathya. Madzi oyenda okha m'mapayipi kuchokera kumapiri, amene ntchito yake inayambira kwa Chingale ku Zomba m'chaka cha 1968, amafuna mtsinje wa kumtunda ndi midzi ya kumunsi, zimene n'zosowa kudera lino. Mjigo wofala ndi wa mtundu wa Afridev, umene unakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 utayesedwa m'Malawi muno ndi ku Kenya. Mjigowu umatha kukweza madzi kuchokera pansi pakuya mamita 45.

M'chitsime mumakhala mapayipi a pulasitiki olumikizana, a mamilimita 63, amene madzi amakweramo. Awa angatchedwe mapayipi okwezera. M'kati mwake mumadutsa ndodo zachitsulo zokolana, zolumikiza chogwirira cha pamwamba ndi kachipangizo konyamula madzi kamene amisiri amati pulanja. Pansi penipeni pali silinda, ndipo m'silindamo muli mavalavu awiri. Valavu ina ili m'pulanja ndipo imakwera ndi kutsika nayo limodzi. Inayo ndi yokhazikika kunsi kwa silinda, ndiyo valavu yapansi.

Munthu akatsitsa chogwirira, ndodo zimakweza pulanja. Valavu ya m'pulanja imatseka, motero madzi amene ali pamwamba pake amanyamulidwa, ndipo nthawi yomweyo valavu yapansi imatseguka kuti madzi ena alowe m'silinda. Chogwirira chikakwera, pulanja imatsika. Apa valavu yapansi imatseka kuti madzi asabwerere m'chitsime, pamene ya m'pulanja imatseguka kuti madziwo adutse. Palibe dzanja limene limatseka kapena kutsegula mavalavu amenewa. Madzi omwewo ndiwo amakankha kamphira kokhala pakamwa pa valavu. N'chifukwa chake liwu lakuti chotsekera silikwanira pano: limachititsa wowerenga kufunafuna chinthu chopotokola ndi dzanja, chimene pamjigo palibe. Dzina loyenera ndi valavu yosabweza, kutanthauza valavu yolola madzi kuyenda njira imodzi yokha.

Kusiyanitsa mavalavu awiriwa kumathandiza komiti ya mjigo kudziwa pagona vuto. Pali njira ziwiri zoyesera. Yoyamba ndi yoona kudontha: munthu apope mpaka madzi atuluke, ausiye mjigo kwa mphindi 30, kenaka apopenso akuwerenga. Ngati madzi sanatuluke atapopa kasanu, ndiye kuti amene anali m'mapayipi okwezera atsika. Kawirikawiri valavu yapansi ikudontha, kapena polumikizira mapayipi pang'aluka. Yachiwiri ndi yoona kuchuluka kwa madzi: apope mokwanira ka 40 pa mphindi imodzi. Mjigo wabwino umapereka malita 15 kapena kuposerapo. Akapanda kukwana malita 10, nthawi zambiri mphira yozungulira pulanja yaperepeseka. Pa Afridev pulanja ndi valavu yapansi zimatulutsidwa kudzera m'kati mwa mapayipi okwezera popanda kuzula mapayipiwo, ndipo timphira take n'totsika mtengo. Tsono wolemba amene angoti mjigo wafa, kapena payipi yatha, pamene chatha ndi kamphira, amachititsa mudzi kuyembekezera thandizo lakutali miyezi yambiri anthu akumwa madzi a padambo.

Payipi, mpope ndi pulesha

Mawu akuti payipi ndi mpope amasinthanitsidwa m'kayankhulidwe, koma m'zolembedwa zaumisiri ndi bwino kuwalekanitsa. Payipi ikhale njira imene madzi kapena mafuta amayendamo, ndipo mpope ukhale potungira, pamodzi ndi kachipangizo kake kotsegulira. Pampu ndi makina okankha madzi kapena mafuta, pamene mjigo ndi chitsime chokumbidwa ndi makina pamodzi ndi pampu yake yamanja.

Potchula kukula kwa payipi wolemba asamale ndi muyeso. Mapayipi achitsulo amagulitsidwa m'mainchesi, ndipo nambala yake imayerekeza kukula kwa kamwa la m'kati. Mapayipi a pulasitiki amagulitsidwa m'mamilimita, ndipo nambala yake ndi ya kunja. Motero payipi yachitsulo ya theka la inchi imayenderana ndi ya pulasitiki ya mamilimita 20, ya inchi imodzi imayenderana ndi ya mamilimita 32, ndipo ya mainchesi 2 imayenderana ndi ya mamilimita 63. Womasulira amene angosandutsa mainchesi 2 kukhala mamilimita 50 popanda kufunsa amatumiza wogula kukatenga payipi yosakwanira pa zolumikizira zake. Paja safunsa anadya phula.

Liwu lina lovuta ndi pulesha. Anthu akati madzi akubwera mwamphamvu, amatanthauza zinthu ziwiri: kuti madziwo ndi ambiri, kapena kuti akukankha zolimba. Kuchuluka kwa madzi oyenda kumayesedwa m'malita pa mphindi. Pulesha ndi mphamvu imene madzi akukankhira khoma la payipi, ndipo imayesedwa m'muyeso wotchedwa bar. Mamita 10 alionse a kutalika kwa madzi mokwera amapereka pafupifupi bar imodzi. Thanki yokhala pansanja yotalika mamita 6 imapereka pulesha yongopitirira pang'ono theka la bar pampope wa pansi pake, kaya thankiyo ndi ya malita 1,000 kapena 10,000. Kukula kwa thanki sikuonjeza pulesha. Chimene chimaonjeza ndi kutalika kwa nsanja.

Pa mapayipi a pulasitiki pamalembedwa nambala ya gulu, monga 6, 10 kapena 16, yosonyeza pulesha imene payipiyo ingapirire. Pampu ikamakankha madzi kukwera mamita 60, payipi ya kunsi imasenza pafupifupi bar 6, kotero ya gulu 6 yafika pamalire ake ndipo wosamala amasankha ya gulu 10. Payipi yotereyi isasiyidwe pamtunda, pakuti dzuwa limaichititsa kukhala yophweka kusweka. Ikwiriridwe m'ngalande yakuya masentimita osachepera 60, ndiponso kuposerapo podutsa m'munda kapena pamsewu, kuti khasu, ngolo ndi moto wolusa zisaipeze.

Mitundu ya mavalavu

Masiku ano masukulu ndi zipatala zina zakumidzi zili ndi pampu zoyendera mphamvu ya dzuwa, zokweza madzi m'thanki kuti atsikire m'mipope. Pa ntchito yotere pamapezeka mavalavu a mitundu ingapo, ndipo uliwonse uli ndi lamulo lake.

Valavu yachitseko, imene m'Chingerezi amati gate valve, ili ndi kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamakwera ndi kutsika munthu akamazunguza chiwongolero chake kangapo. Iyenera kukhala yotseguliratu kapena yotsekeratu. Ikasiyidwa pakati kuti ichepetse madzi, kachitsekoko kamanjenjemera ndi kudyeka, ndipo tsiku lofuna kutseka zenizeni sikagwiranso.

Valavu yampira ili ndi kampira koboola pakati, ndipo imatseka munthu akangokhotetsa mpini wake kamodzi. Mpini ukagona motsata payipi, valavu ndi yotsegula. Ukapingasa, ndi yotseka. Ubwino wake ndi kufulumira, ndipo kuopsa kwake n'komweko. Madzi othamanga m'payipi yaitali akaimitsidwa mwadzidzidzi amagunda valavu, pulesha imakwera koposa, ndipo pamamveka phokoso ngati munthu wamenya payipi ndi hamala. Kugunda kwa madzi kumeneku kumang'alula mapayipi ndi kumasula molumikizira. Choncho malangizo olembedwa asangoti tsekani valavu, koma tsekani valavu pang'onopang'ono.

Valavu yochepetsera ndiyo inapangidwira kuchepetsa kapena kuonjeza madzi oyenda, monga umachitira mpope wapotapota wa panyumba. Pathupi pake pamakhala muvi wosonyeza kumene madzi ayenera kulowera. Muvi wotere umapezekanso pa valavu yosabweza imene imaikidwa patsogolo pa pampu kuti madzi asabwerere pampuyo ikazima. Valavu ya muvi ikaikidwa chozondoka, madzi sayenda bwino kapena sadutsa n'komwe.

Valavu ya choyandama imakhala m'thanki: madzi akakwera amakweza chimpira choyandama, ndipo icho chimatseka polowera. Valavu yopumira imaikidwa pamene payipi yakwera chitunda, chifukwa mpweya umaunjikana pamalo okwera n'kutsekereza madzi. Valavu yotsukira imaikidwa pamalo otsika, monga podutsa dambo, pamene matope amadikha, kuti nthawi ndi nthawi atulutsidwe. Pomaliza pali valavu yopungulira, imene imatseguka yokha pulesha ikapyola malire, n'kupungula pang'ono kuti payipi kapena thanki isaphulike. Iyi siyenera kumangidwa kapena kutsekedwa ndi chitsotso chifukwa chakuti ikudontheza. Kudontheza kwake ndi chenjezo lakuti penapake pali vuto.

Mayina onsewa apangidwa ndi mawu odziwika kale: kubweza, kuchepetsa, kuyandama, kupuma, kutsuka, kupungula. Mwana wa sukulu amene wamva kuti valavu yopumira angathe kuganiza yekha kumene iyenera kukhala, chinthu chimene dzina lachilendo silingamuchitire.

Mafuta si amodzi

Pamalo a malonda monga Nsaru, Mpingu ndi Namitete, ndi m'midzi imene magetsi sanafike, mafuta amasungidwa m'migolo ndi m'zigubu kuti ayendetse zigayo, njinga zamoto ndi pampu zothirira madimba. Pano liwu lakuti mafuta lisayende lokha m'malangizo. Wolemba atchule petulo, dizilo, palafini, oyilo kapena gilizi. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni. Palafini amayamba kutero akafunda kufika pafupifupi madigiri 38, pamene dizilo amayenera kupyola madigiri 50. Ichi n'chifukwa chake petulo wothiridwa m'nyali kapena m'mbaula ya palafini amaphulika. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, motero imakwawa pansi n'kudikha m'maenje ndi m'ngalande, ndipo imatha kukapeza moto umene uli chapatali ndi chigubu.

Zipangizo za madzi sizonse zimene zimayenera pa mafuta. Payipi yolimba ya pulasitiki ya madzi siyoyenera petulo. Mphira ya chubu cha njinga, imene anthu amakulungira payipi ya madzi yodontha, imafufuma ndi kufewa ikakhudzana ndi dizilo kapena petulo. Pa mafuta pamafunika mphira yopangidwira ntchitoyo. Payipi yachitsulo yotuwa, yokutidwa ndi zinki, ndi yabwino pa madzi, koma dizilo amadya zinkiyo ndipo zinyalala zake zimakatseka sefa ndi timabowo topoperamo mafuta m'injini.

Mdani wamkulu wa injini ya chigayo ndi madzi. Usiku kukazizira, chinyezi cha m'thanki yosadzaza chimasanduka madontho, ndipo popeza madzi ndi olemera kuposa dizilo, amadikha pansi. Tsono thanki yosungira dizilo ipendekeke pang'ono, valavu yokhetsera madzi ikhale pamalo otsikitsitsa, ndipo payipi yotengera mafuta ituluke chapamwamba pang'ono. Mgolo umene wangofika kumene usiyidwe tsiku limodzi kuti zinyalala zidikhe. Apanso mavalavu ndi awiri, wokhetsera madzi ndi wotengera mafuta, ndipo pepala lowatchula onse kuti chotsekera cha pathanki lingachititse wantchito kuthira madzi m'injini.

Mapayipi aatali onyamula mafuta

Dizilo wa pachigayo cha kwa Kabudula amachokera kutali. Dziko la Malawi lilibe payipi yobweretsa mafuta kuchokera kunyanja yamchere. Mafuta amabwera pa galimoto zikuluzikulu kuchokera kumadoko a Beira ndi Dar es Salaam, ndiponso kudzera ku Nacala kumene kuli njanji. Bungwe la boma la NOCMA, limene linakhazikitsidwa mu 2010, limayang'anira nkhokwe za mafuta ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, zimene zinamangidwa kuti zonse pamodzi zisunge malita 60 miliyoni. Liwu lakuti nkhokwe, limene lafala kale m'nyuzipepala, ndi chitsanzo chabwino cha liwu lakale lopatsidwa ntchito yatsopano. Chitsanzo china ndi kuyenga: monga agogo ankayenga mafuta a nsatsi, momwemonso pali malo oyengera mafuta, ndipo mafuta ochokera pansi panthaka amene sanafike kumeneko ndi mafuta osayenga.

Maiko oyandikana ndi Malawi ali ndi mapayipi otere. Payipi ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, ndi yotalika makilomita 1,710. Inayamba kugwira ntchito mu 1968, Zambia itaona kuti njira yake ya kumwera yatsekeka kutsatira zimene boma la azungu la Rhodesia linachita mu 1965 podzilengeza kuti laima palokha. Malo oyengera mafuta a Indeni atatsegulidwa ku Ndola mu 1973, payipiyo inayamba kunyamula mafuta okayengedwa kumeneko, ndipo kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyenga kale. Payipi ina, ya makilomita pafupifupi 300, imachokera ku Beira kukafika ku Feruka pafupi ndi Mutare. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1960, inatsekedwa chifukwa cha zilango zimene Rhodesia anapatsidwa, n'kutsegulidwanso mu 1982.

Pa mapayipi amenewa pali zipangizo zomwe zija za pamjigo ndi pathanki, kungoti ndi zazikulu. Mafuta akamayenda amakhulana ndi khoma la payipi ndipo pulesha imanka itsika, choncho TAZAMA ili ndi malo opopera asanu ndi awiri oonjezera mphamvu panjira. Patsogolo pa pampu iliyonse pamakhala valavu yosabweza. Panjira pamaikidwa mavalavu odulira, makamaka pafupi ndi mitsinje, kuti payipi ikabooka chigawo chokhacho chitsekedwe. Mafuta otsekeredwa pakati pa mavalavu awiri amafufuma akatenthedwa ndi dzuwa, ndipo apa ndi pamene valavu yopungulira imapulumutsa payipi. Dzimbiri limapewedwa pokuta payipi ndi zotetezera ndiponso podutsitsamo mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo m'kati mumatumizidwa kachipangizo kotsukira kamene kamakankhidwa ndi mafuta omwewo.

Potsitsa mafuta m'galimoto yonyamula, galimotoyo imayamba yalumikizidwa ndi nthaka pogwiritsa ntchito waya, chifukwa mafuta othamanga m'payipi amaunjika mphamvu ya magetsi imene ingathetheke n'kuyatsa nthunzi. Kuopsa kwa nthunzi ya petulo kunaoneka pa 17 Novembala 2016 m'mudzi wa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene galimoto yonyamula petulo yopita ku Malawi inaphulika anthu atasonkhana kudzatunga mafutawo. Anthu oposa 70 anafa. Mtolankhani wolemba za ngozi yotere akangoti mafuta anayaka, wowerenga amaganiza kuti choopsa ndi kukhudza mafutawo ndi moto. Akalemba kuti nthunzi ya petulo inayaka, wowerenga amazindikira kuti ngakhale woimirira chapatali sali pabwino.

Kalembedwe ndi mgwirizano wa mawu

Liwu lakuti payipi limalembedwanso kuti paipi. Popeza m'matsinde a mawu ena monga mayi, mawu ndi bawuti mumalembedwa y kapena w pakati pa malembo a liwu, kalembedwe kakuti payipi ndi oyilo n'kogwirizana ndi mawu amenewa. Ena amati vavu m'malo mwa valavu. Polemba ndi bwino kusunga valavu, pakuti ndilo losasokoneza diso.

Lamulo lodziwika n'lakuti r atsate e ndi i, pamene l atsate a, o ndi u, monga m'mawu akuti dzimbiri, mphira, sipanala ndi petulo. Koma mawu obwereka akuti dizilo, oyilo ndi silinda anakhazikika kale ndi l, ndipo kuwasintha kungangodabwitsa owerenga.

Pochulukitsa, thanki imakhala matanki, monga thebulo limakhala matebulo ndi thumba matumba: h amagwa ma akabwera. Mawu akuti payipi, valavu, pampu ndi thanki amatenga mgwirizano wa gulu la I-Zi akakhala amodzi, koma akachuluka amatenga wa gulu la Li-Ma: payipi yaikulu, mapayipi aakulu, monga sukulu yaikulu, masukulu aakulu. Alipo amene amati payipi lalikulu kapena payipi wamkulu. Mkonzi asankhe njira imodzi ndi kuisunga m'buku lonse. Petulo, dizilo ndi palafini amatenga mgwirizano wa gulu la Mu-A: dizilo wakwera mtengo, petulo watha.

Mathero

Olemba, akonzi ndi aphunzitsi angathandizidwe ndi mfundo zinayi. Choyamba, liwu lobwereka limene anthu analizolowera, monga valavu, pampu ndi pulesha, lisungidwe, koma litanthauziridwe pamene layamba kuoneka. Chachiwiri, mtundu wa valavu usonyezedwe ndi liwu la Chichewa lonena ntchito yake. Chachitatu, nambala isalembedwe yopanda muyeso wake, ndipo pa payipi zidziwike ngati muyesowo ndi wa m'kati kapena wa kunja. Chachinayi, liwu lakuti mafuta lisasiyidwe lokha pamene pali moto.

Mayina a mavalavu amene aperekedwa m'nkhani ino ndi oti ayesedwe. Oyenera kuwayesa ndi amisiri okonza mijigo m'midzi, oyendetsa zigayo, ndi aphunzitsi a m'masukulu a zaumisiri monga ya ku Namitete. Dzina limene iwo alimva n'kuloza chipangizo choyenera popanda kufunsanso ndilo lilowe m'mabuku. Limene lawazunguza lisinthidwe buku lisanasindikizidwe.